Mitu ya mapayilo a konkire ikugumuka: kodi vuto ndi kushoni?

Wamilatho:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mapayilo (mizati yokhomera m'nthaka kuti inyamule chomangacho) a konkire a mamilimita 350 mbali zonse, otalika mamita 12, akukhomedwa ndi hamala ya dizilo pa maziko a mlatho. Mitu ikugumuka m'makona, ena akuoneka ming'alu yopingasa chapakati. M'chipewa (chitsulo chimene timaveka mutu wa payilo pokhoma) muli kushoni, chofewetsera nkhonya ya hamala, wa pulayiwudi wa mamilimita 50 basi. Pakufunika wochindikala bwanji, nanga azisinthidwa liti?

Mkhomi:
Achimwene, 50 yachepa kwambiri. Koma tiyambe tasiyanitsa, pakuti makushoni alipo awiri. Wapamwamba amakhala m'chipewa, pansi pa mbale yachitsulo imene hamala imamenya, ndipo amateteza hamalayo. Wapansi amakhala pakati pa chipewa ndi mutu wa payilo, kuteteza konkire. Payilo wachitsulo safuna wapansiyu, koma wa konkire sangakhomedwe popanda iye.

Wapansi asachepere mamilimita 100, ndipo pa mapayilo ngati anuwo yambani ndi 150 kapena 200. Dulani pulayiwudi wa mamilimita 18 molingana ndi mutu wa payilo, musanjike zidutswa 8 mpaka 11, mukhomerere pamodzi ndi misomali. Payilo aliyense ayambe ndi kushoni watsopano. Kushoniyo akaphwatalala kufika theka la mmene analili, kapena mukaona utsi ukutuluka m'mbali mwa chipewa, imitsani hamala msinthe pomwepo. Wopserera amauma gwa, mphamvu yonse imangogwera pa konkire.

NyaChirwa:
Ming'alu yapakatiyo ndi nkhani ina, ndipo ndi imene ikundidetsa nkhawa. Hamala ikamenya, mphamvu imatsika m'konkire pa liwiro la pafupifupi mamita 3,800 pa sekondi. Nsonga ya payilo ikakhala m'dongo lofewa, palibe choigwira, ndiye mphamvuyo imabwerera m'mwamba ikukoka payilo. Konkire amapirira kupsinjidwa, koma kukokedwa ayi. Kushoni wochindikala amatalikitsa nthawi imene nkhonya ikufika, motero kukokako kumachepa. Komabe kushoni yekha sangathetse: m'dothi lofewa chepetsani mafuta kuti hamala isadumphe kwambiri, mukaonjezere nsonga ikafika polimba.

Za makona, ikani sikweya pa mutu wa payilo. Ukapendekeka ngakhale pang'ono, mbali imodzi ndi imene imadya nkhonya yonse. Chipewa nachonso chisagwire mutu mothina. Payilo amapotoloka pang'ono potsika, chikamuletsa amang'aluka.

Mkhomi:
Ndionjezere za wapamwamba uja, pakuti ambiri samutsegula n'komwe. Nthawi zambiri amakhala timbale ta Micarta (mtundu wa pulasitiki wolimba) ta mamilimita 25 tosinthana ndi ta aluminiyamu ta 12, kapena chigulumwa cha nayiloni. Aluminiyamu ntchito yake ndi kuchotsa kutentha. Kushoniyu muzimuona pakatha maola 100 akukhoma, ndipo akaphwa kupitirira gawo limodzi mwa magawo anayi, chotsani. Nayiloni akayamba kusungunuka kapena kusweka, watha. Zidutswa za waya, zipsepse za matabwa ndi asibesitosi zisalowemo.

Wamilatho:
Zikomo. Nanga tikasintha kushoni payilo atatsala pang'ono kufika, kuwerenga nkhonya za hamala kuti tidziwe ngati wafika polimba kumakhala bwanji?

NyaChirwa:
Musawerenge nthawi yomweyo. Pulayiwudi watsopano amameza mphamvu yambiri, payilo amatsika pang'onopang'ono, inu n'kumati wafika polimba pamene sanafike. Menyani kaye mpaka kushoniyo akhazikike, kenako muyambe kuyeza. M'buku la ntchito lembani kuya kumene munasinthira, kuti injiniya akaona nkhonya zachuluka mwadzidzidzi adziwe chifukwa chake.