Pulopozo yopempha data yachinsinsi ija yatheka

Abale ndabweranso. Paja ndinafunsa kuti pulopozo yopempha data yachinsinsi ya boma, ija ya kalembera yomwe saitulutsa poyera, ndiilembe bwanji. Zikomo kwambiri nonse munandiyankha, pempho lija alivomera ndithu.

Ndinatsatira malangizo a achimwene aja anati ndisapemphe data yonse ayi, ndilembe ma variable (zinthu zomwe analemba m'kalemberamo, monga zaka za munthu) okhawo ndikufuna, chaka chake, ndi chifukwa cha lililonse. Apa ndiye panali ntchito, chifukwa osunga data aja amafuna uwaonetse kuti data ya poyera singayankhe funso lako, ndiye ine ndinafotokoza kuti matebulo a poyera amaika zaka za anthu m'magulu pomwe kafukufuku wanga akufuna zaka zenizeni za munthu aliyense pakhomo. Ndinaikanso ndime yonena phindu lake kwa anthu wamba, osati za digiri yanga yokha.

Mayi munatchula za Five Safes aja, mwandithandiza kwabasi. Izi ndi mfundo zisanu zotetezera data: munthu, ntchito, malo, data komanso zotulutsa, zonse zikhale zotetezeka, pulopozo yonse ndinaiyala motsatira zimenezi.

Kwa inu mukuyamba kumene, kalata ya komiti ya ethics (yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu) muifunsiretu msanga, imachedwa. Komanso data sakupatsa pa flash ayi, umakaigwiritsa ntchito pa kompyuta yawo yopanda intaneti, foni umasiya panja, ndipo tebulo lililonse amaliunika kaye lisanatuluke. Kabokosi ka m'tebulo kakakhala ndi anthu ochepa kwambiri amakabweza poopa kuti wina angazindikirike, ndiye konzekeranitu kuphatikiza timagulu ting'onoting'ono musanatumize.