Tayala latsopano lasupuka pamsewu: kodi wogulitsa angakane mlandu?

Wa ku Ntcheu, Johannesburg

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene mukudziwa malamulo a kuno ku South Africa. Miyezi inayi yapitayo ndinagula matayala anayi atsopano pashopu ina, ndipo sabata yatha, ndili pamsewu wa N1 kulowera ku Polokwane, mphira wapamwamba wa tayala lakumbuyo unasupuka, galimoto n'kukagwera kumbali kwa msewu, mlamu wanga n'kuthyoka mkono. Nditabwerera kushopuko anandiuza kuti palisiti panga sanalembepo chitsimikizo chilichonse, choncho palibe chimene angandichitire. Kodi zimenezi n'zoona?

Mayi wa ku Zomba, Pretoria

Pepani kwambiri achimwene, ndipo tikuwafunira alamu anu kuchira msanga. Zimene akuuzanizo si zoona. Gawo 56 la lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act ya 2008 limati katundu aliyense wogulitsidwa amakhala ndi chitsimikizo chakuti ndi wabwino, wosaopsa ndiponso woyenera ntchito yake, kaya zalembedwa palisiti kapena ayi. Chitsimikizochi chimamanga wopanga, woitanitsa kunja, wogawa m'mashopu komanso wogulitsa, ndipo katunduyo akapezeka ndi vuto isanathe miyezi isanu ndi umodzi, wosankha ndinu wogula ngati mukufuna kuti akonze, akupatseni wina kapena akubwezereni ndalama. Inu mwatsala ndi miyezi iwiri, choncho alembereni kalata lero lomwe, ndipo musunge kope lake.

Koma nkhani ya mkono ndi galimoto yowonongekayo ili pa gawo 61, ndipo kwa ine ndiyo yaikulu. Pamenepo simufunika kusonyeza kuti wina anachita mosasamala. Chofunika n'kusonyeza kuti tayalalo linali ndi vuto ndipo vutolo ndi limene linadzetsa ngozi. Alamu anu angathe kupempha chipukutamisozi ngakhale kuti si iwo anagula, ndipo nthawi yake ndi zaka zitatu. Dziwani kuti wogulitsa amaloledwa kudziteteza ponena kuti sakanatha kuona vuto lobisika mkati mwa mphira, n'chifukwa chake loya wanu adzafuna kuti wopanga kapena woitanitsa alowe nawo pamlanduwo.

Makaniko wa ku Mangochi, Germiston

Mayi afotokoza bwino za lamulo, ine ndiwonjezere za umboni, chifukwa milandu yotere imagwera pamenepo. Tayalalo musalisiye kushopu popanda chikalata chosonyeza kuti alilandira, ndipo ngati zidutswa za mphira munazitola, zisungeni pamodzi ndi limu yake. Iwo adzanena kuti munayenda ndi mpweya wochepa, kapena munanyamula katundu wopyola muyeso, kapena munagunda dzenje, ndipo kunena zoona, matayala ambiri amene ndimawaona amaphulika pa zifukwa zimenezi, makamaka kwa ife amene timadzaza galimoto popita kumudzi. Katswiri woima payekha akaliyang'ana mkati amatha kusiyanitsa tayala lopsa chifukwa chosowa mpweya ndi limene mphira wake sunagwirane bwino ndi mawaya kufakitale. Vuto la kusupuka kwa mphirali ndi limene linachititsa kampani yopanga matayala ya Firestone kuuza anthu kuti abweze matayala 6.5 miliyoni amene inagulitsa kale ku America mu 2000.

Onaninso manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa, kotero 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Ngati anakugulitsani lokhalitsa m'sitolo monga latsopano, mlandu wanu walimba.

Wa ku Ntcheu, Johannesburg

Zikomo nonse. Tayala ndi zidutswa zake ndili nazo kunyumba. Nanga akakana kuyankha kalatayo, ndipite kuti?

Mayi wa ku Zomba, Pretoria

Za kubwezeredwa ndalama yambirani kwa Motor Industry Ombudsman of South Africa, ofesi yomva madandaulo a ogula pa nkhani za magalimoto, ndipo zikakanika kumeneko pitani ku National Consumer Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Za kuvulala kwa alamu anu mufunika loya ndi khoti, choncho sungani lipoti la apolisi, makalata a kuchipatala ndi malisiti onse. Matayala atatu otsalawo muwachotse kaye mpaka katswiri awaone.