Hilux yanga ndiyambe kuikonza pati? Ndalama ndi zochepa

Wakumunda_Ntchisi

Moni akuluakulu nonse. Ndithandizeni nzeru chifukwa mutu waima. Ndagula Hilux double cab ya 2010, 2.5 D-4D ya 4x4, inali ya bungwe linalake ndiye anaigulitsa itayenda makilomita 285,000. Ine ndimakhala ku Lilongwe koma munda uli ku Ntchisi mkati ndithu, ukasiya tala pamatsala ka mtunda ka dothi lofiira lija lomwe mvula ikangogwa limasanduka sopo, ndiye pali ka mtsinje kena kopanda mlatho komwe timadutsa. Chaka chatha mu Januwale ndinagona mu galimoto ya mlamu wanga titatitimira ndi matumba a fetereza kumbuyo, udzudzu unatidya usiku wonse, mmawa anatikoka ndi ng'ombe za pangolo anthu akuseka. Sindikufuna zibwerezeke.

Ndili ndi 3 miliyoni basi, yotsala pa soya. Zomwe mtima ukufuna ndi bulubala ya chitsulo kutsogoloku, winchi yodzikokera ukatitimira, snorkel (paipi yokweza mmwamba polowera mpweya wa injini), kuikweza pang'ono, matayala amano akuluakulu aja ndi magetsi a LED a padenga. Ndikudziwa kuti ndalamayi siikwana zonse, nde ndiyambire pati? Matayala omwe alipo panopa ndi a mu tauni, awiri akumbuyo ayamba kusalala. Komanso ndimalakalaka mu Julaye ndikawaonetse ana ku Nyika. Mvula ili pafupi, chonde amene mukuzidziwa izi.

Makaniko_wapaMchesi

Achimwene, choyamba bisani kaye mndandanda wanuwo mthumba. Ine galimoto zochoka ku mabungwe ndazigona pansi zambiri, kunja zimaoneka zosamalika koma amaziyendetsa ndi madalaivala asanu ndi awiri osiyana ndipo palibe amene inali yake.

Mwati 285,000. Injini imeneyo ndi 2KD, lamba wa timing amasinthidwa pa 150,000 iliyonse, kutanthauza kuti wachiwiri watsala pang'ono, ndipo woyambayo muli ndi umboni woti anasintha? Musadalire ka getsi ka T-BELT pa dashibodi, kaja munthu amangokazimitsa ndi batani osasintha kanthu. Lamba ameneyo akaduka injini ikuyenda mavalavu amakumana ndi mapisitoni ndipo 3 miliyoni yanuyo ithera pomwepo muli pa msewu wa Ntchisi bulubala ikunyezimira. Sinthani lamba ndi tenshona yake pamodzi, wa orijino, osati wa mu katoni yopanda dzina.

Kenako ikwezeni pa jeke, gwirani tayala lakutsogolo mmwamba ndi mmunsi muligwedeze, kenako mbali ndi mbali. Likamati gwede gwede ndiye kuti ma ball joint kapena ma rack end kapena ma bering'i atha. Yang'anani ma labala a CV (majointi a ma ekiselo akutsogolo) ngati sanang'ambike, akang'ambika girizi amatuluka, matope amalowa, mwezi umodzi mumva kuti ta ta ta mukamakhota. Khuthulani oyilo wa ma difu onse awiri (mabokosi a magiya ogawa mphamvu ku matayala, lina kutsogolo lina kumbuyo) ndi wa transfer (bokosi logawa mphamvu ku ma difu awiriwo), akatuluka ngati tiyi wamkaka dziwani kuti madzi analowa kale. Ndiye pamenepa ndi pomwe ndikufuna mumve bwino za mtsinje wanuwo. Anthu amathamangira snorkel koma chomwe chimayamba kumwa madzi si injini ayi, ndi difu yakumbuyo. Pamwamba pake pali ka valavu kopumira mpweya, difu ikatentha nkulowa mmadzi ozizira imakoka madzi. Kachotseni ka kafupi kaja muike paipi yaitali muikwezere mmwamba pansi pa bodi. Ndi ntchito ya ola limodzi, mtengo wake ndi wa nkhuku ziwiri.

China, D-4D siifuna dizilo wauve ngakhale pang'ono, si ngati ma 2.8 akale aja a 3L omwe ankangomeza chilichonse. Masiku amafuta osowa ano tonse tagulapo wa mzigubu, tisanamizane. Ikani fyuluta yachiwiri yosefa madzi patsogolo pa ya fakitale, ndipo ina yatsopano muziyenda nayo kuseri kwa mpando. Ma injekita anayi a galimoto imeneyi mukamva mtengo wake mukhala pansi.

Zonsezi mwina zikudyerani gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalamayo. Yotsalayo matayala. Winchi iwalani chaka chino.

NyikaBoy

Zomwe anena a makanikozo nzoona koma ine ndikuti matayala akhale oyamba, chifukwa chomwe chinakugonetsani mthengo si timing belt, ndi matayala osalala. Gulani ma MT basi aise, a mmatope amano aja, pa dothi la Ntchisi AT (ija ya pa tala ndi pa dothi pomwe) imadzadza matope mmizere nkusanduka ngati tayala la mpikisano, imangozungulira pamodzimodzi. Ine ndinaika ma MT pa yanga sindinakokedwepo.

Koma LED bar yo isiyeni, mungotiwalitsa nayo mmaso pa M1 usiku.

MayiWaLandCruiser

Ndilowererepo pa nkhani ya MT ndi AT, chifukwa ndakhala zaka zambiri ndikuyenda misewu ya kumpoto pa ntchito, Rumphi, Bolero, Nthalire mpaka Chitipa, komanso Gorodi uja wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia wamakhota 20 aja ndamukwera mvula ikugwa kangapo, mtima uli mmanja.

Bambo a ku Ntchisi, werengani kaye ulendo wanu. Kuchoka ku Lilongwe mbali yaikulu ndi tala, matope enieniwo ndi ka gawo kakumapeto, ndiponso ndi miyezi ya Disembala mpaka Malichi kapena Epulo. Miyezi ina yonseyo MT izingolira huuu pa tala, kudya mafuta, kutha msanga, ndipo pa tala wonyowa mabuleki ake sagwira bwino ngati AT, zomwe kwa ine ndi zoopsa kuposa kutitimira chifukwa muli ndi ana mgalimoto. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga AT yamano otalikirana bwino, yolembedwa LT kapena C kusonyeza kuti ndi yonyamula katundu, mbali zake zimakhala zolimba sizing'ambika ndi chitsa kapena mwala. Ngati mumapita kumundako sabata iliyonse nthawi ya dzinja, apo a NyikaBoy ali ndi mfundo, MT ingakuyenereni. Koma ngati ndi kawiri pamwezi ayi.

Ndipo musatengeke ndi matayala otambalala. Land Cruiser zomwe tinkayendera zinali ndi matayala opyapyala a 7.50R16 ndipo mmatope zinkadutsa pomwe anyamata a matayala onenepa akusambira, chifukwa lopyapyala limaboola matope nkukagwira pouma pansi. Khalani pa saizi yomwe yalembedwa pa chitseko kapena kwezani pang'ono chabe. Mukakulitsa kwambiri 2.5 ija izivutika pa phiri mutanyamula, ndipo tayala lizikhula mkati mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto.

Gulani asanu ofanana, la sipeya lomwe. Anthu amagula anayi okongola sipeya nkusiya lakalekale laling'ono, tsiku lophulitsa mu 4x4 nkumadabwa kuti galimoto ikulimba bwanji. Ndipo ngati mukupita ku a kaunjika, zomwe sindikulimbikitsa, werengani pambali pa tayala pali manambala anayi kumapeto kwa DOT, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Ine anandigulitsapo pa shopu inayake matayala amano atsopanotsopano opakidwa polishi, kufika kunyumba mwana wanga ndi amene anawerenga kuti ndi a zaka zisanu ndi zinayi. Limodzi linatupa chotupa ngati mango sabata yachiwiri.

Chinthu chotchipa chomwe chinandipulumutsa kambirimbiri ndi ka kompuresa kolumikiza ku batire ndi geji ya mpweya. Mukafika poipa phwetsani matayala kufika 1.5 bar kapena 1.6 ngati simunalemedwe kwambiri, galimoto imasintha khalidwe ngati mwaika ina. Mukabwerera pa tala pompani, osathamanga nawo ofewa. Kenako fosholo, khasu, chikwanje, thabwa lochindikala loika pansi pa jeke, ndi lamba wokokera weniweni wolembedwa matani ake pamodzi ndi ma shako awiri, zitsulo zolumikizira lambayo. Osamangirira lamba pa ka mpira ka towbar chonde chonde, kaja kakathyoka kamauluka ngati chipolopolo ndipo kunja kuno kanaphapo anthu. Winchi imafuna mtengo woti mumangepo, nanga mmunda mwa soya mtengo muupeza kuti? Ng'ombe zija zinagwira ntchito yabwino, musazinyoze.

Za ku Nyika musade nkhawa, mu Julaye kumakhala kouma, vuto ndi mabampu ndi fumbi kuchoka ku Rumphi kudzera pa geti ya Thazima mpaka Chelinda, muwerengere maola angapo ngakhale mtunda ukuoneka waufupi pa mapu. Hilux ya fakitale yokhala ndi matayala abwino imafika popanda vuto. Thirani thanki yodzadza ku Rumphi ndipo anawo muwatengere majuzi awiriawiri, kumtundako kumazizira zoti simunazionepo.

Wakumunda_Ntchisi

Zikomo mayi, zikomo a makaniko. Koma nanga kuikweza? Chifukwa ndikanyamula fetereza kumbuyo kumakhala pansi ngati galu wakhala, towbar imapala nthaka podutsa pa ka mtsinje kaja.

Makaniko_wapaMchesi

Mumanyamula matumba angati?

Wakumunda_Ntchisi

Mwina 20, nthawi zina 22, ndi anyamata awiri pamwamba.

Makaniko_wapaMchesi

Kkkk ndiye vuto si galimoto achimwene. Matumba 20 a makilo 50 ndi tani yathunthu, double cab siiloledwa kufika pamenepo, ndipo pa kulemera komwe amalola mumawerengeramo inuyo ndi onse okwera mkati. Ndiye mukufuna muonjezere bulubala ya chitsulo ndi winchi zomwe pamodzi zitha kufika makilo 100 pamphuno, ma sipuling'i akutsogolo nawo agwade. Pangani maulendo awiri kapena matumba ena akwere pangolo kuchokera pomwe tala wathera.

Lift kit simukuifuna. Chomwe chimakodwa mmatope ndi difu yakumbuyo, ndipo imeneyo siikwera ndi lift, imakwera ndi kukula kwa tayala basi. Mukakweza kutsogolo kupitirira ma inchi awiri ma CV amayamba kugwira ntchito mopendekeka nkumang'amba malabala. Inu mukufuna ma lifu, ma sipuling'i akumbuyo aja, awonedwe, mwina limodzi linathyoka kale pakati, ngati ali otopa aonjezereni lifu limodzi mbali iliyonse, ma bushi atsopano, ma U-bolt atsopano osabwezera akale, ndi ma shoko awiri akumbuyo. Dziwani kuti ikakhala yopanda katundu izidumpha pang'ono, amayi akunyumba azidandaula msana.

Joni_Boy_Randburg

Ndikuwerenga kuchokera kuno ku Joni. Bwana tayang'anani kaye ngati yanuyo ndi ya kuno, ma Hilux ambiri a chaka chimenecho anapangidwa ku Durban ndipo ambiri ali ndi diff lock yakumbuyo yochokera ku fakitale (imamanga matayala awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi), pamakhala ka batani pafupi ndi chiwongolero kojambula ma ekiselo ndi X pakati pa matayala akumbuyo. Pali anthu amayenda nayo zaka osadziwa kuti nkachiyani. Ngati kalipo kayeseni pa fumbi muli mu L4 (giya yotsika ya 4x4) pang'onopang'ono, nthawi zambiri ka mota kake kamauma chifukwa chosagwiritsa ntchito, kungokatsuka kamadzuka. Diff lock ndi AT yabwino mudutsa malo omwe MT yopanda loko ikulephera, chifukwa tayala limodzi likangolendewera mphamvu yonse imathawira komweko.

Koma osayenda ndi 4x4 pa tala wouma, galimotoyi ilibe difu yapakati, muononga transfer.

Za ma sipuling'i ndi ma shoko a Old Man Emu ndi Ironman kuno zilipo zambiri ndipo ndi zabwino, koma chigwereni kwacha mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti ija, mukaphatikiza thiransipoti ndi msonkho pa Mwanza seti yonse ikumezerani bajeti yonseyo matayala musanagule. Dikirani chaka chamawa mukakolola. Snorkel nayo si yoipa, pa fumbi imathandiza fyuluta, koma ya pulasitiki yotchipa yoikidwa ndi munthu wongoboola fenda osamata bwino mmalumikizidwe ndi chokongoletsera chabe, imakupatsa mtima wolowa mmadzi omwe sukanalowa. Mtsinje ukadzadza tsikani muyambe mwauyenda ndi ndodo, ukafika mmaondo nkumakukokani khalani kutsidya mudye chimanga chootcha, madzi a mmapiri satenga nthawi kuphwera.

NyikaBoy

Ine ndikadali pa MT. Tionana mu Febuluwale kkkk.

Wakumunda_Ntchisi

Ndabwera ndi lipoti. Loweruka ndinaipititsa pa galaja, a makaniko munalosera, oyilo wa difu yakumbuyo anatuluka wa mtundu wa phala la mgaiwa, lifu lachiwiri kumanzere linathyoka kalekale linangogwiridwa ndi kalampu, ndipo lamba wa timing titatsegula chivindikiro anali ndi timing'alu tating'onoting'ono kumsana konse ngakhale getsi silinayake. Ndinangoti zii. Ka batani ka diff lock kalipodi a ku Randburg, ine ndimayesa nka magetsi a chifunga, koma kakungothwanima osagwira ndiye akuti atsegula ka motako Lachiwiri.

Matayala ndapeza ma AT a LT koma ndalama yotsala ikukwana anayi okha ndi kompuresa, kapena asanu popanda kompuresa ndi lamba wokokera. Mwa akale aja limodzi lakutsogolo likadali ndi mano ndipo saizi ndi yomweyo, DOT yake ndi ya 2021. Mayi a Land Cruiser, limeneli lingakhale sipeya mpaka Epulo kapena ndikudzinamiza? Bulubala madamu akuti ndikaitchulanso ndikagona nayo kumunda konko.