N'chifukwa chiyani ojambula akale ankakonda kujambula akazi oluka lesi?

Nachisale:
Ine ndimaluka ndi manja, ndipo posachedwapa ndinaona pa intaneti chithunzi chimene anajambula Johannes Vermeer wa ku Holland, cha mtsikana woluka lesi (nsalu yokongoletsera yokhala ndi timabowo), chimene chimasungidwa kunyumba yosungiramo zinthu zakale ya Louvre mumzinda wa Paris. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti mtsikanayo sakuyang'ana munthu aliyense, maso ake ali pa ulusi basi. Kodi n'chifukwa chiyani ojambula ankaikonda ntchito imeneyi, nanga ankaijambula monga mmene inkachitikiradi?

Mbewe:
Mayi Nachisale, chithunzicho chinajambulidwa cha m'ma 1669 kapena 1670, ndipo n'chaching'ono kwambiri, pafupifupi masentimita 24 mulitali ndi 21 mulifupi. Ku Holland m'zaka za m'ma 1600, mkazi wotanganidwa ndi ulusi ankatengedwa ngati chitsanzo cha khama ndi makhalidwe abwino pabanja, choncho zithunzi zoterezi zinkakondedwa m'nyumba za anthu ochita bwino. Vermeer sanali yekha. Nicolaes Maes anajambula mayi akuluka, mwana atakhala pampando pambali pake, ndipo mu 1662 Caspar Netscher anajambula mtsikana atayang'ana kukhoma, nsapato zili pansi, tsache lili pambali. Chithunzi cha Netscher chimenechi chili ku Wallace Collection ku London.

Nangozo:
Pa funso lachiwirilo, ndikuona kuti Vermeer anaiyang'anitsitsa ntchitoyo, chifukwa lesi wa mtundu umenewu amalukidwa ndi timitengo tokulungapo ulusi, timene woluka amatipingasa mozungulira mapini obayidwa pa kamtsamiro, ndipo zimenezi n'zimene zala za mtsikanayo zikuchita. Ulusi umene wagwira ukuoneka bwino lomwe, pamene ulusi wofiira ndi woyera umene watuluka mumtsamiro wa patsogolo waujambula mosaoneka bwino, kuti diso la woonera lithamangire kumene diso la wolukayo lili. Komabe chimene chimandipweteka n'chakuti zithunzizi zimabisa kutopa kwa maso ndi msana. Akazi ambiri ankalukira malipiro ochepa, pamene lesiyo ankavala ndi anthu olemera, monga tikuonera pa makolala oyera m'zithunzi za Frans Hals ndi Rembrandt.

Mbewe:
Mwanena zoona, Mayi Nangozo. Muonenso chithunzi cha Vasily Tropinin wa ku Russia cha mu 1823, chimene chili ku Tretyakov Gallery ku Moscow. Mtsikana wa pachithunzicho wadzutsa mutu n'kutiyang'ana, timitengo tikadali m'manja, ndipo Tropinin yemweyo anabadwira muukapolo, n'kumasulidwa m'chaka chomwecho.