Misampha ya zikumbu zolusa pa Phiri la Zomba: ndikonze pati?

Wophunzira: Akuluakulu, ndikufufuza zikumbu za banja la Carabidae, zija zosaka pansi usiku, m'nkhalango za nkhungu pamwamba pa phiri. Makapu omwe ndikukwirira m'dothi ngati misampha akungogwira nyerere ndi akangaude, ndipo zikumbu zochepa zomwe zagwamo zikuola. Thandizeni.

Wa kwa Chinamwali: Achimwene, yambani ndi mlomo wa kapu. Ukhale wofanana ndendende ndi dothi. Ukatumphuka pang'ono chabe, chikumbu chimaugunda n'kukhota. Lowetsani kapu imodzi m'kati mwa inzake kuti pokhuthula muzingozula yam'katiyo, dzenje lisagumuke.

Koma ndikukayikira kwambiri malo. Ngati mwatchera m'mapaini, simupeza zambiri, chifukwa pansi pake nkhono, nyongolotsi ndi mphutsi zomwe zikumbuzi zimadya n'zochepa. Tsikirani m'tinkhalango tachilengedwe totsala m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, cha ku mathithi a Williams Falls, pomwe masamba owola ndi onyowa ngakhale masana. Mitundu yambiri ya zikumbuzi ya m'mapiri siuluka. Mapiko ake am'kati anafota. N'chifukwa chake siwoloka malo ouma kapena opsa ndi moto, imangokhala pachinyezi pomwepo. Tcherani pafupi ndi zipika zowola, makapu atalikirane mamita 10.

Mayi a ku Matawale: Za kuolazo, madzi okhaokha sasunga kanthu. Sungunulani mchere wambiri m'madzi, onjezani kadontho ka sopo wamadzi kuti chogwamo chimire msanga, ndipo thirani gawo limodzi mwa magawo atatu a kapu. Mankhwala amadzi otchedwa propylene glycol ndiwo abwino koposa posunga zogwidwazo mukawapeza. Anzake otchedwa ethylene glycol ayi, amapha nyama zomwe zamwako.

Ikani kadenga ka pulasitiki pa timitengo, masentimita 3 mpaka 5 pamwamba pa kapu, apo ayi mvula kapena chiperoni zidzadzaza kapuyo, mchere n'kusukuluka. Yenderani pakatha masiku atatu. Zogwidwazo zitsukeni, zilowe mu ethanol (sipiliti wosungira tizilombo) wa 70%, kapena 95% ngati mukufuna kudzapima DNA (chibadwa cha zikumbuzo). Kapepala ka malo ndi tsiku mulembe ndi pensulo, inki imasungunuka.

Wa ku Domasi: Linthumbu likadutsa limadzaza kapu usiku umodzi, ndiye samutsani msamphawo. Anyani nawo amazula makapu owala, choncho denga libisike ndi masamba. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa, chilolezo mukatenge ku Forestry musanakumbe. Ndipo chonde, mukamaliza zulani makapu onse n'kufotsera maenje. Kapu yoiwalika imapitiriza kupha, pamene zikumbu zosaulukazi zikatha pa kankhalango kamodzi sizibwerera msanga.