Za Kambuku, galu wathu uja

Anzanga paja ndinafunsa za galu wathu wokalamba amene anasiya kudya, miyendo yakumbuyonso ikukanika. Ndiye ndinapita naye kwa a vetenale kuno ku Salima, akuti ndi nyamakazi komanso mano awola ndiye mafupa asiye. Amene munati ndimupatse Panado kapena Brufen chonde musayese, akuti amaononga chiwindi ndi impso za galu, amupatsa mankhwala akeake. Pano ndikumuphikira phala ndi usipa wosinja wopanda mchere, akudyako pang'onopang'ono koma kutentha kwa kunoku kukumusowetsa mtendere, ndamuyalira chiguduli pansi pa mtengo wa mango madzi pafupi. Kuchira ndiye sachira, akadzasiya kumwa madzi ndiwaimbire a vetenale tikambirane za jakisoni womugoneka kuti afe mosamva ululu. Mtima ukundiwawa, sindikufuna avutike.