Maso Anga Achira: Zimene Ndaphunzira pa Kuwotcherera Zitsulo

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha nditafunsa za maso anga, omwe ankapweteka usiku ngati muli mchenga ndikawotcherera zitsulo masana. Ndinatsatira malangizo oti ndipite kuchipatala m'malo modonthezera mkaka m'maso. Adokotala anati kuwala kwa ultraviolet (kuwala kosaoneka ndi maso komwe kumatuluka powotcherera) kunapsereza mbali yakunja ya diso, anandipatsa mankhwala opaka, ndipo patapita masiku awiri ndinachira.

Ndinkalakwitsa podalira magalasi a dzuwa chifukwa chotchipa, pomwe kuwala koteroko satchinga mokwanira. Tsopano ndimavala chophimba nkhope yonse chokhala ndi galasi lakuda la nambala 11 (nambalayi imasonyeza kuda kwa galasilo). Dziwaninso kuti ululu umayamba patadutsa maola 6 mpaka 12, ndipo wokugwirirani chitsulo nayenso amapsa maso akapanda kudziteteza.